Ngalande ya a Katsamba

Madzi anandilanda Folomu 4. Ndinangokhalamo masabata asanu ndi awiri. Anatenganso mbatatesi ya amayi ndi theka la munda wawo. Anatenga ndi dzina langa lomwe, chifukwa kuno ku Biriwiri palibenso amene amanditchula kuti Limbani. Onse amati Injiniya, ndipo sikuti amanena mwaulemu.

Munthu amene akanatha kuletsa zonsezi tinamuika m'manda chaka chatha, mwezi ngati uno. Loweruka likubwerali abale ake avundukula chiliza. A komiti ya madzi anandipempha kuti ndikalankhule m'malo mwa ife othirira. Ndakana. Kumanda anthu amafuna kumva kuti malemu anali munthu wabwino, wokonda anzake, kenako akadye. Ine sindinganame pa dzina la a Katsamba. Ndinanamapo kale kamodzi, ndipo bodza limenelo ndi limene linatigumulira munda.

Dzina lawo la ubatizo linali Filimoni, a kwa Ngozo. La Katsamba linabwera chifukwa cha masamba a pichesi amene sankasowa m'thumba la jekete lawo. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo jeketelo linalibe batani ngakhale limodzi, ankalimanga ndi luzi. Sukulu anasiyira Sitandade 2. Pa mapepala a komiti ankadinda chala.

Ngalande imene timathirira ife anakumba ndi iwo, pamodzi ndi malemu akazi awo, amayi anga asanabadwe. Imapatutsa madzi mumtsinje pamwamba pa phiri, pamene pali mwala wotsekera, n'kumayenda mokhotakhota m'mbali mwa phirilo mpaka kumunda womaliza, umene ndi wa amayi. Kuchokera pa mwalawo mpaka kumeneko ndi mapazi 1,640. Ndinawerenga ndekha. Mabanja oposa makumi awiri amadya za ngalande imeneyi m'chilimwe: mbatatesi, kabichi, anyezi, nsawawa. Simenti mulibemo. Ndi dothi lokhalokha. Mlangizi wina atabwera ndi nkhani ya simenti, a Katsamba anangomufunsa ngati ikadzang'aluka adzabwera ndi iyeyo kudzamata. Mlangizi uja anasinthidwa ntchito chaka chisanathe.

Mvula ikatha, chakumapeto kwa Epulo, anthu amatuluka ndi makasu kukapala ngalande, poti dzinja limaikwirira pena, pena n'kuikumba. Apa ndi pamene a Katsamba ankalamulira. Madzi akatsegulidwa, ankatulutsa tsamba la pichesi, kuliponya m'madzi, n'kumayenda nalo m'mbali. Tsamba likawasiya m'mbuyo, ndiye kuti madzi akuthamanga, adya dothi. Iwo akalisiya m'mbuyo, ndiye kuti madzi achita ulesi, asiya matope ndipo ngalande itsekeka. Ankangoloza ndi ndodo. Pano palani zala ziwiri. Apa bwezerani dothi. Tsamba la mango sankalifuna, ati ndi lolemera. La bulugama ati limazungulira ngati chidakwa.

Sankayenda chimodzimodzi ponseponse. Pamene pansi pali mchenga ankayenda ngati munthu ali pa mdipiti wa maliro. Pa katondo ankayenda ngati wopita ku tchalitchi belu loyamba litangolira. Pa thanthwe ankachita changu ngati munthu amene wauzidwa kuti mbuzi zalowa m'dimba mwake. Tili ana tinkawatsatira kumbuyo n'kumawayeserera. Tinkaona ngati misala.

Sanali munthu wosangalatsa, izi ndinene. Moni ankayankha ndi mphuno. Upampando wa komiti anaukana, komabe wapampando aliyense ankawaopa. Bambo wina, sinditchula dzina poti akadali moyo, anadula mtengo wa katope kumtunda kwa mtsinje kuti aotche makala. A Katsamba sanakasume kulikonse. Anatenga chibuma, kutseka pamene madzi amalowera m'munda mwa bamboyo, n'kukhala pomwepo ndi chigubu cha thobwa. Masiku anayi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kabichi anayamba kufota. Bambo uja anabwera akukalipa.

"Madala, madzi awa ndi a Mulungu, si anu!"

"Ndi a Mulungu, eya," anatero a Katsamba. "Koma mthunzi wake mwagulitsa inu, matumba atatu."

Bamboyo anadzala mitengo isanu. A Katsamba anapita kukaiwerenga, anaigwedeza umodziumodzi, ndiye n'kudzachotsa chibuma.

Koma khalidwe lawo limene linandipweteka ine ndi ili: sankabwereza mawu. Chinthu ankanena kamodzi, motsitsa, basi. Wamva wamva. Ankati munthu amene sanamve koyamba sikuti makutu ake ndi otseka, wasankha kale zochita, ndiye kachiwiri n'kutaya mate. Pa maliro awo, mwana wawo wamkazi, a Esinati, amene amakhala ku Boma, anatiuza kuti atabweretsa mwamuna woti amange naye banja, bambo awo anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Ameneyu amamwa." Kutacha anapita kukagula mbuzi ya ukwati. Banjalo linatha patapita zaka ziwiri. A Esinati ankafotokoza akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anthu anaseka nawo. Ine sindinaseke.

Tsopano ndinene za munda.

Ndili Folomu 3, pa sekondale yathu yoyendera panabwera mphunzitsi wa masamu ndi ulimi, a Mbewe. Sindiwaimba mlandu. Anali munthu wofuna zabwino. Ankadana ndi masamu ongothera pa bolodi. Ankati makolo athu akhala akuyeza, kuwerengera ndi kuyesa zinthu m'minda kuyambira kale, kungoti salemba, ndiye ntchito yathu ndi kukumanitsa za m'kalasi ndi za kumunda. Teremu yachitatu anatipatsa ntchito yoti aliyense akapeze masamu m'mudzi mwawo. Pa pepala panali mizere iwiri. Woyamba: funsa munthu wamkulu wodziwa ntchitoyo, ulembe zimene wanena. Wachiwiri: kayeze wekha. Anatibwereka chingwe, tepi, ndi kalevulo kakang'ono kokoleka pa chingwe, kamene kamaonetsa mbali yokwera ndi yotsika.

Ine ndinasankha ngalande, ndipo ndinali ndi chifukwa. Munda wa amayi, pokhala womaliza, unkalandira madzi otsala. Kumtunda kwake ngalande imakhota kwambiri, kuzungulira chulu chachikulu ndi kamtunda, mapazi mazana atatu athunthu, n'kubwereranso pafupi ndi pamene yachokera. Malo amenewo timawatchula kuti Chigongono. Ndinayeza ndi chingwe n'kupeza kuti titadula mowongoka, madzi angayende mapazi makumi asanu ndi awiri okha, ndipo levulo inaonetsa kuti pali matsitso okwanira. Masamu anga anali olondola. Mpaka lero ndi olondola.

Mzere woyamba uja ndinaudumpha. Ndikanapita bwanji kwa nkhalamba yoyankha moni ndi mphuno? Ndinakhala pakhonde n'kupeka mayankho. Ndinalemba kuti ndacheza ndi a Filimoni Ngozo ndipo agwirizana nazo.

A Mbewe anasangalala. Anabwera okha kumudzi pa njinga, ndipo komiti inaitanitsa msonkhano pa Chigongono pomwepo. Ndinaima kutsogolo ndi kope langa, yunifolomu itasitidwa, n'kufotokoza. Anthu anaomba m'manja. Amayi ankangoyang'ana pansi, akumwetulira. Kenako wapampando anatembenukira kwa a Katsamba, amene anakhala patali pa chitsa.

"Agogo, inu mukuti bwanji?"

"Pansi apo pali mchenga," anatero. "Tsamba lidzathamanga."

Pamwamba panali katondo wofiira bwinobwino, aliyense ankamuona. Wina anaseka. Ine magazi anandikwera.

"Agogo, ife tayeza ndi levulo," ndinatero, "osati ndi zinyalala za mumtengo."

Anthu anafa nacho chikhakhali. A Katsamba anali ndi tsamba m'manja. Analibwezera m'thumba, ananyamuka, n'kumapita. A Mbewe anandikokera pambali.

"Limbani, kodi sunati unacheza nawo bambowa?"

"Ndinacheza nawo, aphunzitsi. Akalamba, amaiwala."

Tinakumba mu Ogasiti, pa holide. Madzi anafika kwa amayi akuthamanga, oyera, ochuluka kuposa kale lonse. Chigongono tinachitseka ndi zibuma. Mbatatesi inakula yobiriwira mpaka anthu odutsa ankaima. Dzina la Injiniya linayamba nthawi imeneyo, ndipo linkandikomera. Ndinaona kuti m'ngalande yatsopanoyo madzi akumba pansi pang'ono, ndipo pena akutuluka ofiirira. Ndinaikapo miyala iwiri n'kuiwala.

Mu Okutobala, masana ena, kunagwa chizimalupsa champhamvu. Ndinali m'kalasi, Folomu 4, ndipo phunziro linaima chifukwa malata ankasokosa. Pobwerera ndinapeza anthu ataima m'mbali mwa munda wathu, manja kumbuyo. Pamene panali ngalande yanga panali chigwembe chofika pachifuwa cha munthu wamkulu. Chinadutsa pakati pa mbatatesi, n'kukataya dothi lonse kumunsi, m'mabango. M'khoma la chigwembecho katondo anali wochepa ngati chikhatho. Pansi pake, mchenga wokhawokha. Amayi anali kumunsi ndi beseni, akutola timbatatesi tosakhwima m'matope. Sanandiyang'ane. Sanandikalipire, ngakhale tsiku limenelo kapena lina lililonse. Bola akanakalipa.

Mbatatesi imeneyo ndi imene inkayenera kulipira sukulu ndi mayeso. Ahedi anadikira mpaka Novembala. Kenako anasiya kudikira.

M'mawa mwa tsiku lotsatira chigumulacho ndinawapeza a Katsamba ali m'chigwembe, akufukula khoma ndi dzanja, akuyang'ana mchenga ngati akusankha mpunga.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndinanena."

"Kamodzi! Pansipansi, ngati mukupempha mchere!"

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Ndiye kachiwiri kanali ka chiyani?"

Ndinawauza kuti adzafe ndi masamba awowo. Ndinanena mokweza, anthu akumva. Iwo anapukuta dzanja pa jekete.

"Gwira khasu titsegule Chigongono," anatero. "Kabichi wa anzako akufuna madzi."

Sindinagwire khasu. Chigongono anatsegula okha ndi azimayi atatu, mmodzi mwa iwo amayi anga. Ine sukulu itanditaya ndinatsikira ku Nsipe, kukagulitsa kabichi wa eni ake pa mawindo a minibasi. Za kumeneko palibe chokamba. Umathamanga, umakuwa, galimoto imapita.

Uthenga woyamba unabwera mu Meyi chaka chotsatira, kudzera kwa wakabaza wa kwathu. A Katsamba akuti ubwere ndi kope. Ndinamuuza kuti akawauze kuti kope linapita ndi madzi. Wachiwiri unabwera mu Seputembala, mawu omwewo. Sindinayankhe. Wachitatu anabwera nawo ndi amayi, chaka chinacho mvula itangotha. Anatsika minibasi n'kundipeza ndili ndi kabichi m'manja monse.

"A Katsamba akukuitana."

"Ndinamva kale."

"Kangati?"

"Aka n'kachitatu."

Amayi anakhala pa thumba la anyezi la munthu wina, osapempha.

"Limbani, ine ndinabadwa n'kuwapeza bambo aja. Ndakula, ndakwatiwa, ndakubereka iwe, bambo ako ndaika m'manda. Sindinawamvepo akunena chinthu kawiri. Kwa iwe anena katatu. Munda unapitawo ndi wanga, si wako. Ine ndimawapatsa moni tsiku ndi tsiku. Iweyo ndiwe ndani?"

Ndikanakonda kulemba kuti ndinakwera nawo minibasi yomweyo. Ayi. Ndinakhalanso masabata asanu. Panalibe chondigwira. Ndinkangofuna kuti adikire.

Nditafika mu Juni ndinawapeza pakhonde, atafunda bulangeti dzuwa likuwala. Miyendo inali itatupa ngati minsi. Nsapato zawo za matayala zinali pambali, sizinkalowanso.

"Wabwera, Injiniya. Kope lili kuti?"

Analibe nthawi ya moni, ndipo ine ndinalibenso. Anandiuza zimene zinachitika pa kupala kwa chaka chapitacho. Anaponya tsamba pamalo a mchenga, tsamba linawasiya. Analamula kuti abwezere dothi. Madzi anaima. Anaponyanso pena, linawasiyanso. Usanathe mlungu anazindikira kuti madzi analibe vuto. Imene inasintha ndi miyendo yawo. Muyezo wa ngalande yonse unali m'miyendo imeneyo, ndipo miyendoyo inali itayamba ulendo wa kumanda eni ake asananyamuke.

Anandiuzanso kuti a Mbewe, asanasamutsidwe kupita sukulu ina, anabwera pakhonde pomwepo, chipewa chili m'manja, kudzapepesa. Pocheza anawauza kuti kuthamanga kwa tsamba kungathe kulembedwa: mtunda wakuti, masekondi akuti. A Katsamba anafunsa ngati nambala imakalamba. A Mbewe anati ayi. Anafunsa ngati imatupa miyendo. A Mbewe anati ayi.

"Ndiye ndinati anditengere mwana uja," anatero. "Pamudzi pano wodziwa manambala ndi madzi omwe ndiwe. Madzi unawadziwira pa munda wa amako."

Sakanatha kuyenda, ndiye ndinabwereka wilibala. Ndinayalamo bulangeti, kuwanyamula, n'kuwakankha kukwera phiri mpaka pa mwala wotsekera. Ankalemera ngati thumba la makala, osapitirira. Njira yonse ankandinyoza kuti ndikuyendetsa ngati kondakitala.

Vuto linali loti mayendedwe awo tiwapeza bwanji poti miyendo yafa. Iwo anali ataganiza kale. Anatulutsa msomali waukulu m'thumba. Miyendo yaiwala, anatero, koma dzanja likukumbukira. Ankagogoda m'mbali mwa wilibala, ngo, ngo, ngo, ndipo ine ndinkaponya phazi pa kugogoda kulikonse, ndikutsata tsamba. Koma phazi langa linali lalitali. Anandikalipira kawiri konse m'maso mokha, kenako anamasula luzi la jekete lawo, kuliyeza ndi zikhatho, n'kundimanga nalo akakolo onse awiri kuti ndisamatambasule kupitirira phazi lawo.

Tangoganizani. Mnyamata wa Folomu 4, womangidwa miyendo ngati mbuzi yopita kumsika, akudzandira m'mbali mwa ngalande, nkhalamba ili mu wilibala ikuimba msomali. Azimayi othirira anasiya makeni.

"Injiniya, akugulitsa zingati?"

"Agogo, mukamaliza mutibwereke, atipalire anyezi!"

A Katsamba sanaseke. "Yang'ana tsamba, usayang'ane akazi a eni," anatero.

Tikagwirizana kuti tsamba ndi ine tikuyendera limodzi, ndinkayeza mamita khumi ndi tepi, kuponya tsamba lina, n'kuwerenga masekondi pa foni. Ndiye n'kulemba: kuyambira phazi lakuti mpaka lakuti, masekondi akuti. Pa mchenga woyamba anakwana 33. Pa katondo 20. Pa thanthwe 12. Ndinatseka kope n'kunena kuti basi tamaliza, manambala ndi atatu, kwatsalako ndikachita ndekha.

"Ndiwe wopusabe," anatero.

Mayendedwe sanali atatu. Ife ana tinkaona atatu chifukwa tinkayang'ana kumbuyo kwa munthu. Pa maliro pokha panali mitundu. Panali maliro a mwana, oyenda mwakachetechete. Panali maliro a munthu wolemera, ochedwa kwambiri poti aliyense akufuna aonedwe. Panali maliro a munthu wosakondedwa, amene anthu amafulumirako pang'ono. Pena katondo wa pamwamba ankanama, pansi pali mchenga. Pena panali mchenga koma mizu ya nthochi inaugwira, ndiye madzi angathe kufulumira. Pena anakwirirapo miyala iwo ndi akazi awo zaka makumi angapo zapitazo, ndipo palibe wina ankadziwa. Pena panali njira za mfuko, pofunika kupondaponda chaka chilichonse. Zonsezi ankazitchula pa malo ake, akuloza ndi msomali, kamodzi. Ndinaphunzira kulemba mwachangu.

Tinkayamba dzuwa likatentha, poti kuzizira kwa Juni kuno sikuchita masewera, ndipo tinkaleka akayamba kupuma movutika. Tsiku labwino tinkayenda mapazi zana ndi theka. Tsiku loipa makumi asanu ndi limodzi.

M'mawa wina, ndikumasula luzi, ndinawafunsa chifukwa chimene sanakuwire pa msonkhano uja.

"Iwe unali ndi pepala ndi aphunzitsi. Ine ndinali ndi tsamba. Ndikanakuwa akanati nkhalamba yachita nsanje. Ukanabwera ndi wotchi yakoyo nthawi ija, ndikanakuuza kuti apa pakufunika 33, iwe ukupereka 10. Ukanamva. Chinenero chako ndinalibe."

Ndinawauza za bodza lija. Sindikudziwa chinandituma. Ndinati m'kope la kusukulu ndinalemba kuti ndinawafunsa.

"Ndinayankha zotani?"

"Munati njira yachidule ndi yabwino."

Anaseka. Aka kanali koyamba kuwaona mano. Anaseka mpaka kutsokomola, wilibala kugwedezeka.

"Ndiye m'kope mwakomo ndinali chitsiru. Unapeza malikisi angati?"

"Onse."

"Eya. Kankha."

Sindinapepese pa mawu aja a m'chigwembe. Iwonso sanapepese. Ndimadziuza kuti tinamvana, koma sindikudziwa. Chimene ndinamva mochedwa ndi ichi, ndipo anandiuza ndi a Esinati titachoka kumanda. Tsiku la chizimalupsa lija, bambo awo ataona mitambo ikuda anasiya chakudya n'kuyamba kukwera phiri kuti akatseke mwala, madzi a mvula asalowe m'ngalande yanga. Anagwa kawiri. Anafika madzi atadutsa kale. Anabwerera mawondo ali magazi, ndipo analetsa aliyense kunena. M'mawa mwake ndi pamene ndinawauza kuti adzafe ndi masamba awo. Anali atavala buluku lalitali. Sindinaone kanthu.

Tinayenda masiku khumi. Tsiku lakhumi linali Loweruka, ndipo tinafika phazi la 1,130, pa mwala wafulati pafupi ndi tsinde la nthochi, pamene ngalande imayamba kukhota kulowa mu Chigongono. Ndinkafuna tipitirize. Anakana.

"Apa tiyambe Lolemba. Chigongono si cha munthu wotopa. Muli zambiri umu."

Anakanda mwalawo ndi msomali kuti tisaiwale. Lamulungu chifuwa chinawagwira. Lolemba a Esinati anabwera ndi galimoto n'kupita nawo kuchipatala ku Boma. Lachitatu anamwalira.

Kunatsala ntchito ya masiku anayi. Ine ndinawadikiritsa masabata asanu, osawerengera chaka chathunthu cha m'mbuyo mwake. Masamu amenewo ndimawadziwa, musandiwerengere.

Chaka chino tapala ngalande popanda iwo. Kumtunda ndinayenda ndi kope ndi foni, ndikuloza: pano palani zala ziwiri, apa bwezerani dothi. Madzi anayenda ngati mwini wake alipo. Ngakhale bambo wa makala uja anandimvera. Mphunzitsi watsopano wa masamu anabwereka kopelo mlungu umodzi, ati akuphunzitsira ana a Folomu 2 za liwiro, ndipo anabwera nawo kudzaponya masamba. Ana aja adzalemba mayeso ndi manambala a a Katsamba. Ine amene ndinawalemba ndilibe pepala lililonse. Zili bwino.

Koma kuyambira pa mwala wokandidwa uja kupita kumunsi, kope ndi loyera. Timangoganizira. Mu Meyi tinapala kwambiri penapake, madzi anaboola khoma n'kulowa m'munda wa anyezi wa eni ake. Tinabwezera dothi, madzi anaima, matope anadzaza. Mabanja asanu ndi limodzi a kumunsi amalandira madzi mwa apo ndi apo. Amayi, pa theka la munda limene linatsala, adzala mizere isanu ndi itatu yokha ya mbatatesi, ndipo amathirira ndi ndowa kuchokera kumtsinje. Anthu akandiona amayang'ana kope, kenako amayang'ana ine. Wapampando anati, "Injiniya, tangoyesa." Ndinayesapo kale.

Dzulo ndinapitako. Mwala uli pomwepo, ndere zayamba kukwirira pokandidwa paja. Nthochi inabereka, wina anadula mkoko, tsinde likuwola. Mkukuluzi wa tayala la wilibala unkaoneka mpaka mvula yoyamba, pano pamera chisoso. Wilibala ndinabweza kwa mwini wake, akututira manyowa. Msomali anauika m'bokosi limodzi ndi jekete. Luzi lili ndi ine.

Ndinadzimanga akakolo, ndinathothola tsamba la pichesi, ndinaliponya. Linayandama bwinobwino, linakhota, n'kukabisala kuseri kwa chulu. Ndinaima ndi phazi limodzi m'mwamba, osadziwa ngati apa ndi pa maliro, ndipo ngati ndi pa maliro, a ndani. Panalibe wogogoda.

Pa 1,640 kuchotsapo 1,130. A Katsamba, munati Lolemba. Mwapita ndi mapazi anga 510.